USIKU UMODZI PATSINDE PA MAPIRI A MPHANGWE

Tinatsika basi pa Katete dzuwa litapendeka, ndipo tinapalasa njinga kunka kumudzi wina patsinde pa mapiri a Mphangwe. Unali mwezi wa June, cimanga ciri m'nkhokwe, ndipo thambo linali loyera pakuti utsi wa lupsa unali usanayambe.

Cotipititsa kumeneko cinali mbiri yoopsa. Usiku wina anthu anaona timiyuni tambiri titandandalika pamzere, tirikuyenda kumwamba popanda phokoso. Ena anati ndi ulendo wa mfiti, nayamba kuloza cala gogo wina wamasiye. Anyakwawa pomva izi anaitana aphunzitsi a pasukulu yapafupi, amene amakonda kuyang'ana nyenyezi, kuti adzamasulire anthu.

Titatha kudya nsima, mudzi wonse unakhala pabwalo ndipo moto unazimitsidwa. Ca m'ma 19 koloko mnyamata wina anapfuula, "Siyo apo!" Kanthu konga nyenyezi kanadutsa pamwamba pa phiri, ndipo patapita mphindi zitatu kanazimirira.

"Amfumu, ico ndi cipangizo ca anthu cochedwa setilaiti," anatero aphunzitsi. "Ciribe nyali. Kuno kwada, koma kumwambako dzuwa likali kuwala, tsono cimanyezimira monga malata. Cikalowa mumthunzi wa dziko sitimacionanso."

Anafotokozanso kuti timiyuni ta pamzere tija ndi masetilaiti a Starlink amene roketi imodzi imanyamula ambiri nthawi imodzi. Oyamba 60 anatumizidwa mu May 2019. Akangotulutsidwa amatsatana monga ng'ombe zopita kudibi, ndipo m'masiku otsatira amabalalika pokwera kumtunda wa makilomita ngati 550. Liwiro lao ndi makilomita ngati 27,000 pa ola limodzi.

Kuyang'anira zinthu zotere ndi nchito yakale. Pa 4 October 1957 dziko la Soviet Union linatumiza Sputnik 1, mpira wacitsulo wa masentimita 58. Anthu ambiri amene anati auona anaona thupi la roketi yake, lotalika kupitirira mamita 25, limene linali kuwala koposa mpirawo. Pa nthawiyo anthu wamba a m'gulu la Moonwatch, m'maiko ambiri, anali kulemba nthawi ndi njira imene zinthuzi zinadzera, nathandiza akatswiri a sayansi.

Inunso awerengi mungathe kuzizindikira. Yang'anani m'maola awiri dzuwa litalowa kapena lisanatuluke. Ndeke imaphethira nyali zofiira ndi zoyera, ndipo kawirikawiri imamveka. Nyenyezi yothothoka imatha m'kamphindi. Setilaiti imayenda mwakacetecete ndi kuwala kosasintha, pamene thupi la roketi logubuduzika limawala ndi kuzilala mosinthana.

Usiku umenewo tinawerenga zisanu ndi ziwiri. Ana a sukulu analemba m'kope nthawi ndi mbali imene ciriconse cinacokera, poyesera ndi nsonga ya phiri ndi mtengo wa mkuyu wa pacitsime.

Pomaliza anyakwawa anaimirira nati, "Mwadzionera nokha. Amene ananena zoipa za amai athuwa apite akapepese mawa."

M'mawa tisananyamuke tinaona anyamata awiri alikutula mitolo ya nkhuni pakhomo pa gogo uja. Kope lija analisiya m'manja mwa mtsikana wa Giredi 7, amene analonjeza kulembamo usiku uliwonse kufikira utsi wa August utaphimba thambo.