IMPSO SIZIKHOSOMOLA

Pamene matenda a Covid-19 analowa m'Zambia pa 18 March 2020, tonse tinaphunzitsidwa kuyang'anira cifuwa. Munthu akakhosomola, akatentha thupi kapena akabanika popuma, tinali kudziwa kuti zabvuta. Koma m'thupi mwa odwala ambiri munali ziwalo zina zimene zinali kuonongeka mwakacetecete, ndizo impso, ndipo za izi ndifuna kukamba nanu, inu makolo ndi abale a kumidzi.

Nchito ya impso ndiyo kusefa magazi monga momwe mai asefera ufa. Pa tsiku limodzi impso ziwiri zimasefa madzi a m'magazi okwana malita 180, pafupifupi dilamu lathunthu. Ambiri amabwerera m'thupi ndipo zoipa zimaturuka ndi mkodzo. Kuti zitero zifuna magazi oyenda bwino, ndipo apa ndi pamene korona amazipweteka. Kutentha thupi ndi kutsegula m'mimba kumatha madzi m'thupi, mapapo odwala amapereka mpweya wocepa, ndiponso magazi amaundana m'timitsempha ting'onoting'ono. Impso zikamanidwa cotero zimafooka, kapena kulekeratu, makamaka mwa okalamba ndi odwala shuga kapena BP.

Ine ndinaziona izi m'nyengo yozizira ya 2021, pamene mliri unakula ndipo maliro anacuruka. Amalume anga anadwala kumudzi, ndipo cifuwa citayamba kutsika pamudzi ponse anati kwaca. Akazi awo okha ndiwo anaona kuti kacitini kamene odwalawo anali kukodzeramo usiku kanali kuca kopanda kanthu, ndi kuti mapazi ndi nkhope zinayamba kutupa. Mwa mwambo wathu si capafupi kuchula za mkodzo wa munthu wamkulu pamaso pa ana ndi apongozi, koma maiwo anataya manyazi nanena.

Kucipatala anapima magazi napeza kuti impso zafooka. Anawaletsa mapiritsi a brufen ndi diclofenac amene anali kugula pa kantemba, pakuti mankhwala amenewa amapweteka impso za munthu wotha madzi m'thupi. Anawaika drip, ndipo pang'onopang'ono mkodzo unabwerera. Kufikira lero alima munda wawo.

Ena sanacite mwai wotere. Impso zikaferatu, kawirikawiri cotsala ndi makina osefa magazi a dialysis, onga amene ali ku UTH mu Lusaka, kumene wodwala amakhala pa makina maola anai, kawiri kapena katatu pa sabata. Kwa mlimi wa kumudzi, uko ndiko kusiya munda, ng'ombe ndi banja.

M'mwezi wa May 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti nthawi ya ngozi yaikuru ya korona yatha, koma kacirombo sikanathe, ndipo impso zina zinatsala ndi zipsera. Cotero ngati munadwalapo kolimba, pitani mukapimitse BP, mkodzo ndi magazi, cinkana mumvera bwino m'thupi.

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Koma impso sizikhosomola ndipo kawirikawiri sizipweteka, motero wodwala samva kanthu. Citseko muyenera kutsekula ndinu odwazika. Mpatseni madzi akumwa wodwala wotentha thupi, mfunseni mopanda manyazi ngati wakodza, ndipo mkodzo ukacepa kapena mapazi akatupa, musayembekezere kuti kuce kawiri.