Tsiku Lobadwa N'la Mwana

Agogo athu ambiri sadziwa tsiku lomwe anabadwa. Ukawafunsa amangoti anabadwa chaka cha dzombe, kapena kuti pa njala ya 1949 anali akadali kumsana. Mwambo womwe unalipo unali wa chikuta: mayi ndi khanda ankabindikira m'nyumba mpaka mchombo utagwa, kenako mwana ankatulutsidwa n'kupatsidwa dzina. Zikatero basi, panalibe wowerenganso zaka. Phwando la tsiku lobadwa labwera dzana lomweli pamodzi ndi sukulu, ziphaso ndi moyo wa m'tauni. Ngakhale lamulo loti mwana aliyense azilembedwa m'kaundula wa boma akangobadwa linayamba kugwira ntchito mu 2015.

Mwambo watsopanowu ine ndimaukonda, ndipo ndili ndi chifukwa. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa mu 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malawi muno, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 63. Ndi kusintha kwakukulu, komabe ana 63 si ochepa. Mayi amene wayenda mwezi ndi mwezi kupita kusikelo, amene wachezera usiku m'chipatala mwana atatentha thupi ndi malungo, amadziwa kulemera kwa mawu akuti mwana wanga wakwanitsa zaka zitatu. Munthu woteroyo akafuna kuitana anzake kuti athokoze Mulungu ndi kudyera limodzi, ndani angamuletse?

Chomwe chimandiwawa ndi mtengo womwe taikapo pa chimwemwe chimenechi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Shuga, mafuta ophikira, fulawa ndi mazira zonse zinakwera, malipiro n'kutsalira m'mbuyo. Koma maphwando a ana m'matauni mwathu akukulirakulirabe. Pamafunika keke ya nsanjika yojambulidwa nkhope ya Spider-Man, wokongoletsa malo, jumping castle yobwereka, zovala zofanana banja lonse, wojambula zithunzi, ndi mpunga wa nkhuku wa alendo akuluakulu omwe mwanayo sawadziwa n'komwe. Ndaona mayi akutenga ndalama ku banki m'khonde, zomwe anzake amatenga kuti awonjezere mpamba wa geni, iye n'kuzithera pa masana amodzi. Ndamvaponso za bambo amene analowa katapila chifukwa cha phwando la mwana wa chaka chimodzi. Mwini phwandoyo analira ndi phokoso la zimkuzamawu, n'kugona kumsana kwa azakhali ake keke isanadulidwe.

Makolo oterewa sindiwaweruza. Ambiri a ife tinakula osaonapo kandulo ya tsiku lobadwa, ndipo mumtima timafuna kuti ana athu asasowe chomwe ife tinasowa. Chikondi chimenecho n'chenicheni. Koma pambali pake pamakhalanso mantha a maso a anthu: aneba adzati chiyani, a kuntchito akaona zithunzi pa WhatsApp ndi pa Facebook adzatiyesa otani. Chinthu choyamba chomwe ndaphunzira pokonza timaphwando ta ana anga ndi ta ana a abale ndicho kulekanitsa ziwirizi. Ndisanagule kanthu ndimadzifunsa kuti kodi amene asangalale nako ndi mwanayu kapena foni yanga. Funso limeneli lokha limachotsa theka la zomwe ndinalemba papepala.

Mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri safuna khamu. Pemphero, chakudya cha pabanja ndi chithunzi chimodzi chabwino zakwana. Phwando limayamba kumveka kwa mwana akafika zaka zitatu kapena zinayi, pamene ali ndi anzake omwe amawatchula mayina ndipo amatha kudikira tsiku akuwerenga zala. Apo mpomwe ndimakhala naye pansi n'kumufunsa kuti akufuna pabwere ndani, akufuna adye chiyani. Mayankho ake amakhala otsika mtengo modabwitsa: mandasi, Sobo, mpira, ndi mnzake wa kuseri kwa nyumba.

Nthawi yoyambira ndi imene imalamula thumba. Ukaitana anthu 11 koloko m'mawa waitanira nkhomaliro, ndipo nkhomaliro ya alendo kwathu kuno siyenda popanda ndiwo za nyama. Ukawaitana 2 koloko masana Loweruka, aliyense wadya kale nsima kwawo, ndipo pofika 4 koloko ana atopa, akhuta, akubwerera dzuwa lisanalowe. Maola awiri ndi okwanira. Kupitirira apo kumayamba kulira ndi kulimbirana zinthu.

Pa zakudya ndiye pomwe tinasokonekera kwambiri, chifukwa tinayamba kuganiza kuti chaphwando n'chokhacho chochokera m'sitolo chili m'pepala lowala. Chikhalirecho khitchini yathu ili ndi zonse zomwe dzanja la mwana limatha kugwira. Zitumbuwa za nthochi zakupsa kwambiri, zija ogulitsa amatsitsa mtengo madzulo pamsika. Mandasi ang'onoang'ono oti mwana amalize limodzi osataya. Mbatata yokazinga kapena zigege. Mbuliwuli, yomwe kapu imodzi ya chimanga chake imadzaza beseni. Ndipo nyengo iliyonse ili ndi mphatso yake: wobadwa mu Disembala ali ndi mango ambwee, wa mu Marichi ali ndi chimanga chachiwisi, wa m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye ali ndi manachesi, nzimbe ndi mbatata yatsopano. Malambe oviika m'madzi owiritsa, kusefa, kuthira shuga pang'ono, amatulutsa chakumwa chomwe ana amachikonda kuposa zam'mabotolo. Botolo limodzi la sikwashi losungunula mu ndowa yoyera limamwetsa bwalo lonse.

Keke payokha ndiyofunika, sindikana. Mwana amadikira mphindi ija yomwe onse akhala chete, maso ali pa iye, dzina lake likuimbidwa, iye n'kuuzira makandulo. Koma kekeyo siyenera kuchokera kwa katswiri. Poto wamkulu wothira mchenga pansi, pambaula ya moto wofatsa, chiwaya cha keke m'kati, makala pang'ono pamwamba pa chivundikiro: amayi athu aphika motero kwa zaka zambiri, ndipo njirayi ilibe nazo kanthu kaya magetsi athima. Chigumu cha ufa wa mgaiwa ndi nthochi nachonso chimaimika makandulo bwinobwino. Mwanayo akaloledwa kukanya nawo nthochi, kapena kuika timasiwiti pamwamba ndi manja ake, amauza aliyense wobwera kuti keke iyi waphika ndi iye.

Pali nkhani ina yomwe mabuku ndi masamba a pa intaneti a kunja sangakuuzeni, koma kwathu kuno ndiyo yaikulu: ana osaitanidwa. Ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi kapena kumudzi, nyimbo ikangomveka ana a mdera lonse afika. Amaima pageti kapena kusuzumira pampanda. Ndinaonapo phwando lina pomwe geti linatsekedwa, ana ovala bwino akudumpha m'kati, anzawo omwe amasewera nawo masiku onse ali panja kugwira zitsulo za geti. Mwini tsikulo ankangotembenukira kugetiko, chifukwa mnzake weniweni anali kumeneko. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo pa tsiku ngati limeneli mwambiwu umasanduka nkhani ya masamu. Ukagula timaphukusi khumi towerengera mwana aliyense, wakhumi ndi chimodzi wasanduka vuto. Ukaphika beseni la mbuliwuli ndi zitumbuwa, wobwera aliyense ndi mlendo. N'chifukwa chake ndimasankha zakudya zogawika, ndipo keke ndimaidula tizidutswa ting'onoting'ono kuti aliyense alaweko. Mwana amene wapatsidwa mbale kuti agawire anzake yekha pa tsiku lake amayenda monyadira kuposa amene wangounjikiridwa mphatso.

Zosangalatsa sizifuna kubwereka. Chingwe chimodzi chimabweretsa fishifishi. Makala kapena choko pansi ajambula mabokosi odumphamo. Mpira wachikulunga ukwanira fulaye, timiyala tikwanira phada, ndipo chibisalirano sichifuna kanthu kalikonse. Ana ang'ono kwambiri amakonda kuvina nyimbo n'kuima chilili ikazimitsidwa, ndipo foni ndi kasipika kakang'ono zikwanira pamenepo. Chofunika kwenikweni ndi munthu mmodzi wamkulu, kaya ndi amalume, kaya ndi mtsikana wa kusekondale wa pafupi, amene avomere kusiya mpando ndi kulowa m'bwalo. Phwando la ana limafa akuluakulu onse akakhala pakhonde ndi nkhani zawo. Ana akatopa, yalani mkeka pansi pa mtengo, wina ayambe nthano. Mawu akuti padangokhala akangomveka, ngakhale wovuta uja amakhala pansi n'kuyankha kuti tili tonse. Mphoto za opambana ine ndinazisiya. Kwa ana a zaka zinayi, mmodzi akapata mphoto otsala onse amalira.

Pali zinthu zochepa zomwe sindichitapo chibwana ngakhale ndalama zichepe chotani. Ndowa ya madzi ndi sopo zikhale pakhomo, ana asambe m'manja asanadye, ndipo madzi osungunulira zakumwa akhale owiritsa kapena othira mankhwala. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo njira yake ndi madzi ndi manja. Mtedza wathunthu, mbuliwuli ndi masiwiti olimba zimatsamwitsa ana osakwana zaka zinayi, choncho ang'onowo apatsidwe nthochi ndi zofewa. Chibaluni chikaphulika, zidutswa zake zitoledwe msanga zisanalowe m'kamwa. Mafuta otentha ndi mbaula zithe ntchito ana asanafike.

Chizolowezi chotengera phwando kusukulu ya mkaka chimandidetsa nkhawa pang'ono. Chimaoneka chophweka, koma m'kalasi momwemo muli mwana amene tsiku lake lidzadutsa mwakachetechete chifukwa kwawo ndalama ya fizi yokha anaipeza movutikira, ndipo iye amaona zonse. Aphunzitsi ena anapeza njira yabwino: tsiku limodzi pa mwezi amaimbira ana onse obadwa mwezi umenewo, makolo n'kusonkha zomwe angathe. Mabanja oyandikana angachitenso chimodzimodzi, makamaka kwa ana obadwa mu Januwale ndi Febuluwale, pomwe ufa wachepa m'nyumba ndipo chimanga chakwera mtengo pamsika.

Za mphatso, poitana ndimanena poyera kuti mwana abwere chimanjamanja. Ndinazindikira kuti makolo ena amabisa ana awo m'nyumba pa tsiku la phwando, n'kunamizira chimfine, chifukwa alibe choti mwana anyamule. Mawu amodzi okha akuti musavutike ndi mphatso, tikungofuna adzasewere ndi mnzake, amamasula banja lonse. Mphatso ya mwini tsiku timagula ife makolo, imodzi, ndipo nthawi zambiri imakhala chinthu chomwe akanafunika kale: nsapato, buku la zithunzi, kapena chikwama cha amene akukayamba Sitandade 1 mu Seputembala.