Kodi Wolemba Mabuku Amaphika Nthawi Yanji?

Ine ndine mphunzitsi wa sukulu ya akulu m'mudzi wina wa ku Angónia. Timaphunzira masana, anthu akaweruka ku minda. Ophunzira anga ambiri ndi amai, ndipo ena ndi a msinkhu wa amai anga ondibala. Ambiri sanaphunzire ali ana cifukwa ca nkhondo. Anathawira ku Malawi pamodzi ndi makolo ao, ndipo pamene nkhondo inatha mu 1992 anali atakula kale, ena atakwatiwa.

Tsiku lina ndinabwera m'kalasi ndi buku laling'ono limene ndinabwereka kwa mphunzitsi mnzanga. Ndinalikweza m'mwamba kuti onse alione, ndipo ndinati, "Buku ili analemba ndi mai wa dziko lathu lino." Amai ena anaseka. Iwo ankaganiza kuti mabuku amacokera kwa azungu, kwa ansembe, kapena ku boma.

Dzina la mai ameneyu ndi Paulina Chiziane. Anabadwa mu 1955 ku Manjacaze, m'cigawo ca Gaza, ndipo anakulira m'mbali mwa mzinda wa Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo. Atate ake anali atelala, amai ake anali mlimi. Pakhomo ankalankhula Cicopi, kunja ndi anzake ankalankhula Cironga. Cipwitikizi anaciphunzira kusukulu ya mishoni, monga momwe ife timaciphunzirira kusukulu. Nthano anazimva kwa agogo ake akazi, madzulo akuotha moto. Mu 1984 anayamba kulemba nkhani zazifupi m'manyuzipepala. Mu 1990 anatulutsa buku lake loyamba, lochedwa Balada de Amor ao Vento. M'cilankhulo cathu tinganene kuti nyimbo ya cikondi yoimbira mphepo. Iye ndiye mkazi woyamba wa ku Moçambique kutulutsa buku la nkhani yaitali.

Bukuli ndi la Cipwitikizi, tsono ndinawafotokozera nkhani yake m'Cinyanja kwa masiku atatu, pang'onopang'ono, tikatha phunziro.

Nkhani yake ili motere. Kufupi ndi mtsinje wa Save kunali mtsikana dzina lake Sarnau. Iye anakonda mnyamata wochedwa Mwando, amene ankaphunzira kumishoni kuti adzakhale wansembe. Mwando anamsiya nakwatira mkazi wina amene makolo ake anamsankhira. Pambuyo pace Sarnau anakwatiwa ndi Nguila, mwana wa mfumu, ndipo anamlowola ndi ng'ombe zambiri. Anthu onse anati wacita mwai. Koma m'nyumba ya mfumu munali mitala, nsanje ndi nkhonya. Mwando atabweranso, Sarnau anasiya ufumu nathawa naye, koma Mwando anamsiyanso kaciwiri. Sarnau anatsirizira ku Mafalala, m'mzinda, akugulitsa matimati kuti adyetse ana ake.

M'kalasi munabuka mkangano waukulu. Ena anati Sarnau anali wopusa posiya nkhokwe zodzaza n'kutsatira mwamuna wopanda khasu. Ena anati mtima sudya ng'ombe. Abambo awiri a m'kalasi mwathu anati wolembayo wanyoza amuna. Ine ndinawasiya kuti akangane, cifukwa anali asanalankhulepo cotero m'kalasi ciyambire caka.

Panali amai ena amene amakhala kumbuyo, ndipo salankhulalankhula. Tsiku lacitatu, anzao atapita, anatsala. Anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, mai ameneyu nkhani yanga anaimva kwa yani?"

Ndinati, "Amai, iye kwao ndi kutali, kumwera. Sakudziwani."

Anakhala cete pang'ono, kenaka anafunsanso. "Nanga amaphika nthawi yanji? Amuna ake ndi abale ake amamlola kukhala pansi n'kumalemba, madzi asanatungidwe?"

Funso limeneli silinali la cabe. Ndinkadziwa kuti amai amenewa anajomba masiku ambiri mwezi umenewo. Amuna ao ankati nsima ya madzulo ikucedwa cifukwa ca sukulu. Ankatinso mkazi akadziwa kulemba amayamba kulembera makalata amuna ena. Kope lao ankalibisa pansi pa dengu la ufa, ndipo masamba ake anali oyera ndi ufa. Anali ataganiza zosiya sukulu.

Ndinawauza zimene ndinawerenga. Paulina Chiziane mwini wake analemba nkhani ina yofotokoza moyo wake monga mkazi wolemba. Iye sanali munthu wokhala pa mthunzi. Anali ndi nchito yolembedwa imene inkadyetsa banja lake. M'nthawi ya nkhondo anagwira nchito ndi bungwe la Cruz Vermelha, lothandiza anthu ovulala ndi othawa kwao. Akaweruka ankapeza nchito ya pakhomo ikumdikira. Kulemba kunali nchito yacitatu, ndipo nthawi inkamcepera pa zonse. Zaka zimene ankalemba buku lake loyamba, nkhondo inali mkati. Anafotokozanso kuti kulemba kunabweretsa mikangano m'banja mwake. Anthu atamva kuti akulemba buku sanakhulupirire. Amuna ambiri anamnyoza. Ankati mkazi angathe kulemba tindakatulo ta cikondi ndi nyimbo zogonetsa ana basi. Ena ankati ndi mkazi wokhumudwa, amene zinthu zinamkanika.

Amai aja anamvetsera, nati, "Ndiye kuti nayenso anavutika ngati ife."

Ndinavomera. Koma sindinafune kuwanamiza. Ndinawauza kuti kulemba sikunamcepetsere nchito ya pakhomo, ndipo sikunatseke pakamwa pa anthu tsiku limodzi. Cimene anacita ndi kupitiriza. Mu 1993 anatulutsa Ventos do Apocalipse, buku lonena za nkhondo ndi njala. Mu 2002 anatulutsa Niketche, buku lonena za mitala, limene linawerengedwa m'maiko ambiri. Mu 2021 anapambana mphoto ya Camões, mphoto yaikulu koposa ya olemba m'Cipwitikizi. Kucokera pa buku loyamba kufikira mphotoyo panapita zaka 31. Ngakhale zili conco, iye amakonda kudzichula wosimba nthano, monga agogo ake aja.

Tsono ndinawaululira cinthu cimene ndinali ndisanauzepo munthu m'kalasi. Inenso ndili ndi kope langa. Usiku, mwana akagona ndi mbale zitatsukidwa, ndimalemba nkhani ya mtsikana wa kwathu kuno. Tsiku lina amuna anga analipeza. Anawerenga tsamba limodzi, napeza dzina la mnyamata wa m'nkhaniyo, ndipo anandifunsa mokwiya kuti ameneyu ndani. Masiku awiri sitinalankhulane bwino. Tsiku lacitatu ndinakhala nao pansi n'kuwawerengera nkhani yonse kuyambira paciyambi. Atamva anaseka, nati mnyamatayo ndamlemba waulesi kwambiri, palibe mkazi angamkonde. Lero akandipeza ndikulemba amandifunsa kuti waulesi uja wafika pati. Nkhani yanga sinathe, ndipo mwina siidzakhala buku. Koma kope langa silikhalanso pobisika.

Amai aja anati, "Inu amuna anu amawerenga. Anga sawerenga. Cimene saciwerenga amaciopa."

Mau amenewa anandiphunzitsa ine, mphunzitsi. Ndinaona kuti ndinalakwa poganiza kuti bambo aja ndi ouma mtima cabe. Munthu akaona mkazi wake akulemba zizindikiro zimene iye sangazimasulire, amaganiza kuti m'nyumba mwake mwalowa cinsinsi.

Mawa lace ndinafunsa kalasi yonse za nthawi yophunzira. Tinagwirizana kuyamba msanga ndi ola limodzi, kuti amai azifika kwao dzuwa lisanalowe. Ndinapemphanso abambo awiri aja kuti akaceze ndi mnzao. Iwo anapita Lamulungu, natenga makope ao. Anamuonetsa momwe amalembera matumba a cimanga ndi a mbatata amene agulitsa, ndi momwe amawerengera sikelo kuti ogula asawabere. Bamboyo sanalonjeze kubwera kusukulu, ndipo kufikira lero sanabwere. Koma analeka kuletsa akazi ake.

Patapita miyezi iwiri, amai aja anandipatsa kope lao, nati ndiwerenge ndili ndekha. Munali mizere isanu ndi umodzi. Zilembo zina zinali zopotoka, ndipo mau ena anaphatikizana. Analemba za tsiku limene anaoloka malire ali mtsikana, atabereka mng'ono wao kumbuyo, amai ao atasenza mphika ndi mphasa. Mzere wotsiriza unali wonena za mnyamata amene anawatungira madzi kumsasa wa othawa nkhondo. Mnyamatayo ndiye amuna ao a lero.

Ndinawafunsa ngati anawawerengera. Anati inde, usiku wathawu. Ndinafunsa kuti anati ciani. Anayankha kuti, "Anati ndalakwitsa. Madziwo sanatunge kamodzi, anatunga sabata yathunthu. Ndiye mundionetse kalembedwe ka mau akuti sabata."

Anzanga ophunzira, pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1975, anthu oposa 90 pa anthu 100 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Mu 1978 boma linayambitsa nchito yaikulu yophunzitsa akulu m'dziko lonse. Nchito imeneyo sinathe, ndipo ife tikuipitiriza. Timaphunzira kuti tilembe maina athu, tiwerenge kalata ya kucipatala, ndi kuwerengera ndalama za mbeu zathu. Zimenezi ndi zofunika. Koma munthu amene waphunzira kulemba dzina lake angathenso kulemba zimene anaona. Agogo athu akamwalira, nthano zao zimapita nao ngati palibe amene anazilemba. Paulina Chiziane analemba za kwao ku Gaza ndi za ku Zambézia. Za ku Angónia, ku Macanga, ku Tsangano ndi za m'mbali mwa nyanja ku Metangula zikudikira ife eni ake, ndipo tingathe kuzilemba m'Cinyanja.

Nthawi yolemba palibe amene adzatipatsa. Munda ulipo, mtondo ulipo, ana alipo. Tiyeni tiyambe ndi mizere iwiri pa tsiku, ndipo tikalemba tiwawerengere a m'nyumba mwathu. Amai aja tsopano ali pa tsamba lacinai.

Mafunso okambirana

1. Kodi Paulina Chiziane anabadwira kuti, ndipo buku lake loyamba linatuluka caka canji?
2. N'cifukwa ciani amai aja ankabisa kope lao m'dengu la ufa?
3. Kodi kwanu nchito za pakhomo mungazigawane bwanji kuti aliyense apeze nthawi yophunzira?
4. Lembani mizere itatu yonena za tsiku limene simudzaliiwala.