Utsi ndimauyesa ndi maso anga

Ndimaumba mbaula za Chitetezo kuno ku Ulongwe, m'boma la Balaka. Dongo timakakumba kudambo, n'kulinyowetsa, n'kulifunditsa kwa masabata awiri kuti lifewe, kenako timaliponda ndi mapazi mpaka timiyala tonse titachoka. Kamwala kamodzi kakatsalira, mbaula imang'aluka mu uvuni. Chikombole chimangopereka thupi, koma timitu titatu tokhazikapo mphika ndi ntchito ya zala. Ukatalikitsa, moto umathawa mphika. Ukafupikitsa, utsi umasowa kolowera n'kubwerera kwa wophika.

Makina oyezera utsi aja amene anthu a kafukufuku amapachika m'makhitchini ine ndilibe. Ndikaphula mbaula, ndimatengapo imodzi, kusonkha mapesi a nandolo ouma, kutereka madzi, n'kukhala pansi pomwe amakhala mayi akamavundula nsima. Misozi ikalengeza madzi asanawire, ndiye kuti ndalakwitsa penapake. Mwaye wa kunsi kwa mphika nawonso sunama.

Koma mbaula yabwino siisintha zimene mwaikamo. Dzinja likafika nkhuni zitanyowa, amayi ambiri amakolezera jumbo kapena chidutswa cha patapata. Utsi wake ndi wakuda bii, wokanda kukhosi, ndipo mwana ali kumbuyoyo amaupuma wonse. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, koma pitani pamsika wa Liwonde mukaone mmene akuulukira. Zimandipweteka mtima kuona mbaula yanga ili ndi phula la pulasitiki pakhomo.

Utsi woopsa kwambiri ndi uja wosaoneka. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo ngakhale mtundu. Mu Juni kukazizira, anthu amalowetsa mbaula kuchipinda n'kutseka chitseko. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako tulo, ndipo ena sadzukanso. Pamenepa maso anga sathandiza kanthu.

Ogula sindiwanamiza kuti mbaula ndi mankhwala. Kafukufuku wa ku Chikwawa ndi Karonga, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anapeza kuti ngakhale mbaula zodula zokhala ndi fani sizinachepetse chibayo mwa ana. Yangayi imapulumutsa nkhuni, utsi imangouchepetsa.

Amayi anzanga, phikirani panja kapena pakhonde, sungani nkhuni zouma mvula isanayambe, ndipo jumbo musaliike pamoto. Makala oyaka asagone m'nyumba.