Ulendo wa ku Lusaka Kukaona Kaundula wa Malo

Tinanyamuka ku Chipata tambala asanalire, ine ndi azakhali anga, m'nyengo ya cisanu. M'basi iwo anafungatira cikwama cao ngati mwana wakhanda. Munali pepala limodzi, losonyeza kuti anagula puloti m'tauni ndi ndalama za penshoni ya malemu amuna ao, nalipira zonse pamaso pa mboni ziwiri. Pepalalo linagona m'sutikesi zaka zitatu. Tsono kunamveka mphekesera yakuti wogulitsa uja walandiranso ndalama kwa munthu wina pa puloti lomwelo, ndipo kuyambira tsikulo azakhali sanaonenso tulo.

Mseu wa Great East Road ndi wautali, makilomita oposa 550 kufika ku Lusaka. Kunja kunatiyerera ku Katete, m'dziko la Gawa Undi, pakati pa minda yokololedwa ya cimanga, nshawa ndi thonje. Kuno nthaka yambiri ili m'manja mwa mafumu. Malire a munda ndi culu, mtengo wa msuku kapena mfuleni, ndipo mboni zake ndi nyakwawa ndi anansi. Titapitirira Sinda ndi Petauke, azakhali anandifunsa kuti, "Mwanawe, kumudzi munda sufuna pepala. Nanga m'tauni cavuta nciani?" Ndinawayankha kuti m'tauni anthu amabwera ndi kupita osadziwana, motero boma linaika kaundula kuti akhale mboni. Kuyambira mu 1975 malo onse a Zambia ali m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu onse, ndipo lamulo la malo la 1995 linasunga zimenezi. Wokhala ndi taitolo amakhala wabwereka malowo ku boma, kawirikawiri kwa zaka 99.

Pa Nyimba tinagula nthoci. Pa mlatho wa Luangwa, umene unatsegulidwa mu 1968, amai ogulitsa nsomba zouma, madengu ndi mphasa anatizinga, koma azakhali anakana kudya. Kucokera apo basi inakwera mapiri, kudutsa Rufunsa ndi Chongwe, nitifikitsa mu Lusaka dzuwa litapendeka.

M'mawa mwake tinapita ku Mulungushi House, pa mseu wa Independence Avenue, kumene kuli Unduna wa za Malo. Tinapereka nambala ya puloti ndi kulipira kandalama kakuti ationere m'kaundula. Podikira pa benci, mdala wina amene anagwirapo nchito kwa maloya anatifotokozera lamulo. Anthu awiri akagula malo amodzi okhala ndi taitolo, cimene lamulo limayang'ana ndi tsiku limene cikalata cinalembetsedwa m'kaundula, osati tsiku limene cinasainidwa kapena limene ndalama zinaperekedwa. Wolembetsa poyamba ndiye amatsogola, pokhapokha atapezeka kuti anacita cinyengo. Ndi cimodzimodzi banki ikabwereketsa mwini malo ndalama nilembetsa malowo ngati cikole: ngongoleyo imamatirira pa malowo. Ndiponso cikalata cosamutsa malo cili ndi nthawi yake: masiku 30 ngati casainidwa kumene kuli ofesi ya kaundula, masiku 90 ngati ndi kwina m'Zambia, caka cimodzi ngati ndi kunja kwa dziko. Nthawiyo ikapita cimatha mphamvu, kufikira khoti litalola kuti cilembetsedwe mocedwa. Mdalayo anamaliza ndi mwambi wakuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Azakhali anangoti cete, manja akunjenjemera. Yankho litabwera, tinapeza kuti puloti likali m'dzina la wogulitsa, lopanda cikole, ndipo wogula waciwiri anali asanalembetse kanthu. Tsiku lomwelo tinapeza loya amene anatithandiza kuika caveat, ndico cenjezo lolembedwa m'kaundula lakuti pali wina amene ali ndi conena pa malowo. Cenjezoli likakhalapo, malowo sangasamutsidwe kwa munthu wina mwakacetecete. Loyayo anaticenjeza kuti mlandu sunathe: pafunikabe cilolezo ca boma cosamutsira malo, msonkho wake ulipidwe, ndipo wogulitsa asaine. Akakana, nkhaniyo idzapita ku khoti kapena ku Lands Tribunal, bwalo loweruza milandu ya malo.

Inu owerenga amene mwasunga pepala la puloti m'sutikesi, litulutseni lero. Musanalipire munthu aliyense, yambani mwaona m'kaundula dzina la mwini malo ndi ngongole zimene zilipo. Mukagula, lembetsani msanga.

Pobwerera, basi itaima pa Luangwa, azakhali anatsika okha, nagula nsomba ziwiri zowamba, nandipatsa imodzi. Tisanafike pa Nyimba anali atagona tulo, cikwama cili pamiyendo.