Magetsi a m'galimoto si aulere

Pakati pa ife ophunzira, maloto a galimoto ndi ofala ngati maloto a gauni. Tikamacheza za moyo wa pambuyo pa koleji, sipatenga nthawi wina asanatchule Vitz, wina Sienta, wina Mira, ndipo ambiri timadziwa njira imene galimotozi zimadzera pochokera ku Japan, kuyambira padoko la Dar es Salaam mpaka pachipata cha Songwe. Chimene sitikambirana kawirikawiri n'chakuti kugula galimoto n'kamodzi, koma kuimwetsa n'kwa tsiku ndi tsiku. Mafuta onse amene timagwiritsa ntchito amachokera kunja, kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Amene anagonapo pamzere wa mafuta mu 2011 kapena m'zaka zaposachedwazi safunika kuuzidwa kuti lita imodzi ndi chuma.

Kwathu tilipo ana atatu, awiri tili kukoleji, ndipo banja lili ndi Sienta imodzi imene makolo anagula kwa munthu wina. Ndiyo imapita ndi agogo kuchipatala mwezi ndi mwezi, ndiyo imatuta chimanga kumunda, ndiyonso imatitula pasukulu ndi zikwama zathu teremu ikamayamba. Ndalama ya mafuta ndi ya fizi zimachokera m'thumba limodzi. Choncho bambo atatipatsa ntchito yosunga kabuku kolembamo malita ndi makilomita, sitinaitenge ngati yamasewera. Kabuku kameneka ndi kamene kanatifikitsa ku nkhani ya magetsi.

Anthu ambiri amaganiza kuti injini ikangolira, magetsi amabwera okha popanda mtengo. Zoona zake n'zakuti batire ndi nkhokwe chabe. Ntchito yake yaikulu ndi kulizitsa injini. Injini ikalira, magetsi onse amachokera ku alternator, kamakina kamene kamazunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini. Mukayatsa nyali, wailesi kapena chokupizira mphepo, alternator imalimba kuzungulira, injini imakoka mwamphamvu, ndipo mphamvuyo imachokera m'thanki. Panjira pamatayikanso zambiri. Injini ya petulo imasandutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a mphamvu ya mafuta kukhala ntchito, yotsalayo imathera m'kutentha. Pa mphamvu imene alternator yalandira, imabweza yopitirira theka pang'ono ngati magetsi.

Tinachita masamu kuti tione kukula kwa nkhaniyi. Babu limodzi la nyali zakutsogolo limadya pafupifupi ma watt 55. Mukaphatikiza mababu awiri, nyali zakumbuyo, chokupizira mphepo ndi zokuzira mawu, mumafika mosavuta pa ma watt 300. Mukayenda choncho maola anayi, ngati ulendo wausiku wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, magetsi okhawo amamwa mafuta oyandikira lita imodzi. Ndi ndalama ndithu, koma si yochuluka moti munthu n'kuika moyo pachiswe. Oyendetsa amene amachedwa kuyatsa nyali madzulo, kapena kuzimitsa injini pamtsetse, amasinthanitsa moyo wa oyenda pansi ndi okwera njinga ndi kapu ya petulo. Injini ikazima, mabuleki amalimba ndipo chiwongolero chimalemera. Zimene tinachotsa ife ndi zosafunika: sipika yaikulu ndi chokuzira mawu chimene mwini woyamba anaika kumbuyo, ndi nyali zokongoletsa zimene zinalumikizidwa mwachisawawa.

Komabe dzenje lalikulu silinali pamenepo. M'galimoto zamasiku ano magetsi ndi amene amagamula kuchuluka kwa mafuta olowa mu injini. Muli kompyuta yaing'ono imene imalandira mauthenga kuchokera ku masensa: ina imayeza mpweya wolowa, ina kutentha kwa madzi, ina mpweya wa okosijeni wotsala mu utsi. Cholinga chake n'kusakaniza pafupifupi magalamu 14.7 a mpweya ndi galamu imodzi ya petulo. Sensa ya okosijeni inapangidwa ndi kampani ya Bosch ndipo inayamba kuikidwa m'galimoto za Volvo mu 1976. Lero ili m'galimoto za petulo pafupifupi zonse zimene timaona pamsewu. Sensa ikanama, kompyuta imanamizika, ndipo kawirikawiri imasankha kuthira mafuta ambiri poteteza injini.

Kabuku kathu kankasonyeza makilomita 10 pa lita, pamene anzathu okhala ndi galimoto yamtundu womwewo ankatchula zoposa pamenepo. Tinapita kwa katswiri wina wa zamagetsi a galimoto, bambo wachikulire wosachulutsa mawu. Atangotsegula boneti, anatifunsa kuti, "Ana anga, fani iyi imayamba kuzungulira mukangotembenuza kiyi?" Tinavomera. Iwo anafotokoza kuti mwini woyamba, poopa kuti injini ingawire, anachotsetsa thermostat ndi kulumikiza fani ya rediyeta dayirekiti. Mchitidwe umenewu ndi wofala m'magalaja ambiri, ndipo umaoneka wanzeru m'dziko lotentha. Koma injini inapangidwa kuti izigwira ntchito madzi ake akatentha pafupifupi madigiri 80 mpaka 90. Ikakhala yozizira, kompyuta imaona ngati kukadali m'mawa ndipo imapitiriza kuthira mafuta owonjezera ulendo wonse. Pamwamba pa izo, fani yosapumayo imakoka magetsi ku alternator. Galimoto imataya mafuta kawiri pa chifukwa chimodzi.

Bambowo anabwezeretsa thermostat, anakonza mawaya a fani, kenako analumikiza kamakina kowerengera zovuta pa soketi ya pansi pa chiwongolero. Kanasonyeza kuti sensa ya okosijeni inali itatopa. Kanyali kochenjeza za injini kakanatiuza kalekale, koma wina anali atakamata ndi tepi yakuda kuseri kwa dashibodi. Anasinthanso mapulagi, chifukwa pulagi yofooka siyatsa bwino mafuta ndipo ena amangotulukira ku ekizosi osapsa. Anapala dzimbiri pamitu ya batire ndi pa waya wopita ku thupi la galimoto, n'kutionetsa mmene tingayezere tokha: batire yodzaza imasonyeza pafupifupi ma volt 12.6 injini itazima, ndipo injini ikulira iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Batire yakufa ili ngati ndowa yobooka, alternator imatunga osapuma koma siidzaza. Patapita miyezi iwiri, kabuku kanayamba kusonyeza makilomita 13 pa lita. Pa makilomita 1,000 alionse, tinayamba kusunga malita opitirira 20.

Pamene mafuta akuvuta, ogulitsa zozizwitsa amachuluka. Pa intaneti ndi m'misika muli tizipangizo tobaya pa soketi yochajira foni, maginito omangirira pa paipi ya mafuta, ndi tizitini totulutsa mpweya kuchokera m'madzi, zonse zolonjeza kuchepetsa mafuta ndi theka. Bungwe loona zachilengedwe la ku America, EPA, linayesa zipangizo zoposa 100 zamtundu umenewu ndipo silinapeze chimene chimapulumutsa mafuta mooneka. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Chipangizo chodya magetsi a alternator sichingabweze mphamvu yoposa imene chadya. Kakanakhala kuti kabokosi kotchipa kangachite zimenezo, opanga galimoto, amene amapikisana pa lita iliyonse, akanakaika okha kufakitale.

Kumene magetsi amapulumutsadi mafuta ndi kumene mainjiniya anakonza galimoto yonse ndi cholinga chimenecho. Toyota Prius inatuluka ku Japan mu 1997, ndipo Aqua inabwera mu 2011. Galimoto zimenezi, zotchedwa hybrid, zimasandutsa mphamvu yotayika pomanga mabuleki kukhala magetsi, n'kuwasunga m'batire yaikulu kuti athandize ponyamuka. N'chifukwa chake zimapulumutsa kwambiri m'tauni, mmene kuima ndi kunyamuka n'kochuluka. Galimoto zina zazing'ono za ku Japan zimazimitsa injini zokha zikaima pamaloboti, ndipo zimafuna batire yopangidwira ntchito imeneyo. Batire wamba imafa msanga. Amene akulota hybrid yogwiritsidwa kale ntchito ayambe wayezetsa batire yake yaikulu ndi kufunsa mtengo wa ina, komanso adziwe ngati kudera kwawo kuli amene amadziwa kuikonza, pakuti magetsi ake ndi amphamvu moti angaphe munthu wogwira mosadziwa.

Kwa amene muli ndi galimoto kunyumba, kapena mukuyembekeza kugula yanu, poyambira pake ndi potchipa: cholembera ndi kabuku. Dzazani thanki, lembani makilomita, yendani monga mwa masiku onse, dzazaninso, ndipo gawani makilomita ndi malita amene mwathira. Chitani zimenezi kangapo, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Nambala ikayamba kutsika popanda chifukwa, onani mpweya wa m'matayala ndi sefa ya mpweya, kenako pitani kwa wodziwa zamagetsi amene amayeza asanasinthe chinthu. Ndipo makaniko akakuuzani kuti achotse thermostat kapena azimitse kanyali kochenjeza, afunseni mwaulemu kuti ayambe apeza chimene chikudwalitsa injiniyo.