Mapiri a Dzalanyama ndi Mabuku Ake

Munthu akaima pa msika wa Namitete m'mwezi wa Juni, utsi wa lupsa usanaphimbe thambo, nayang'ana chakummwera, amaona mzere wa mapiri utagona ngati mthumbira wautali kumalekezero a minda. Ameneŵa ndiwo mapiri a Dzalanyama. Ife a kuno tidaŵazoloŵera kotero kuti sitiŵaonanso. Timangoŵakumbukira mitambo ya mvula ikayamba kuunjikana pamwamba pake, kapena tikakumana ndi njinga zolemedwa ndi matumba a makala m'bandakucha. Komatu mapiri ameneŵa adalembedwa m'mabuku angapo, ndipo ambiri mwa olembawo adali alendo ochokera kutali. N'chifukwa chake mwezi uno tati tiyende nanu ulendo wa ku Dzalanyama, mabuku ali m'thumba, kuti tione zimene ena adadziŵa za kwathu, zimene eni akefe sitinazisamale.

Miyala ndi madzi

Pochoka ku Namitete kulinga kumapiri, dziko ndi lathyathyathya. Njira imapyola minda ya fodya, chimanga ndi mtedza. Kumtunda kuli katondo wofiira, kumadambo kuli makande akuda, ndipo mlendo angathe kuyenda mtunda wautali osaona thanthwe. Koma akafika m'tsinde mwa mapiri, miyala imatulukira mwadzidzidzi, ina yaikulu ngati nkhokwe.

Buku lofotokoza miyala ya dera lino lidatuluka m'chaka cha 1968 ku nthambi ya boma yofufuza za miyala ku Zomba. Adalilemba ndi E. C. Thatcher ndi M. J. Walter, ndipo dzina lake ndi The Geology of the South Lilongwe Plain and Dzalanyama Range. Akatswiri a miyala amatiphunzitsa kuti pansi pa minda yathu pali miyala yakale kwambiri, imene mvula ndi kutentha zidaifumbutsa pang'onopang'ono kufikira idasanduka dothi lakuya. Koma msana wa Dzalanyama ndi wa mwala wouma wotchedwa granite, umene sufumbutsika msanga. Chigwa chidatsika, phiri lidatsala chiimire.

Msana umenewu ndiwo malire a Malaŵi ndi Mozambique, ndiponso ndiwo umagaŵa madzi. Mvula yogwa kutsidya imatsikira ku Zambezi. Yogwa mbali yathu imabala mitsinje ya Lilongwe, Likuni ndi Diamphwe, ndipo ina imatsata Namitete wathu yemweyu kukathira mu Bua, mtsinje umene mpasa zimakwera pokaswa kuchokera ku nyanja. Pa mtsinje wa Lilongwe, kufupi ndi Malingunde, boma lidamanga Kamuzu Dam yoyamba mu 1966 ndi yachiŵiri mu 1989. Mzinda wa Lilongwe, umene pa kalembera wa 2018 udali ndi anthu pafupifupi 990,000, umamwa madzi ochokera m'mapiri ameneŵa.

Nkhalango ya Dzalanyama idakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1922, ndipo kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000. Chifukwa choitetezera nchosavuta kuchimvetsa. Mvula ikagwa pa mitengo, masamba amaichepetsa mphamvu, zinyalala za pansi zimaigwira, mizu nkuitsogolera m'nthaka. Madziwo amayenda mobisika kukafika kumadambo, ndipo dambo limaŵatulutsa pang'onopang'ono chilimwe chonse. Mitengo ikachoka, madzi amathamanga tsiku limodzi atanyamula dothi. Dothilo limakakwirira madamu, ndipo zitsime za kumudzi zimaphwa mwezi wa Okutobala usanafike. Mai amene amalaŵirira usiku kukadikira madzi pa chitsime akulipira mtengo wa nkhwangwa imene sanaigwire.

Mapazi a pa thanthwe

Buku lachiŵiri m'thumba mwathu ndi lathu lenileni. Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, amene adalembanso Nthondo, adayenda m'midzi kufunsa nkhalamba, nalemba Mbiri ya Acheŵa m'zaka za m'ma 1940. Iye adaona kuti nkhalamba ikamwalira imapita ndi zonse zimene idasunga m'mutu, ndipo adachita changu. Pambuyo pake W. H. J. Rangeley adalemba za kachisi wa mvula wa ku Msinja m'magazini ya Nyasaland Journal mu 1952, ndipo mu 1985 J. M. Schoffeleers ndi A. A. Roscoe adasonkhanitsa nthano za dziko lino m'buku lotchedwa Land of Fire.

M'mapiri a Dzalanyama ndimo muli Kaphirintiwa. Makolo athu ankati pamenepo ndi pamene anthu oyamba ndi nyama adatsikira, thanthwe likali lofeŵa, ndipo mapazi ao adatsala podindika. Ku Msinja kunkakhala Makewana, mai wa ana onse, pamodzi ndi anamwali omutumikira otchedwa Matsano. Mvula ikakana, mafumu ankatumiza mithenga ndi mphatso kumeneko. Nkhondo za Angoni za m'zaka za m'ma 1800 zidasokoneza kachisiyo.

Ena adzafunsa kuti, kodi mkulu wa mpingo akutiuziranji zimenezi? Ife tikudziŵa kuchokera m'Buku Lopatulika amene adalenga kumwamba ndi dziko lapansi, ndipo sitipempha mvula kwa wina koma kwa Iye. Mishoni ya Malingunde idatsegulidwa mu 1907 pafupi ndi mapiri omweŵa kuti Uthenga Wabwino umveke. Koma mwana wosadziŵa kumene agogo ake adachokera amangotengeka ndi mphepo iliyonse. Ndiponso pali chinthu chimodzi chimene chiyenera kutichititsa manyazi. Makolo aja, amene ankafunafuna Chauta mofufuza mumdima, sankaloŵa ndi nkhwangwa m'nkhalango ya kachisi kapena ya kumanda. Ife amene timaŵerenga pa Genesis 2 kuti munthu adaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga, tagwira mau oyambawo, achiŵiriwo taŵataya.

Mitengo, boŵa ndi mbalame

Poloŵa m'nkhalango, kumene mitengo ikalipo, mpweya umasintha. Mombo ndi misuku zimapereka mthunzi wopepuka, ndipo m'mwezi wa Seputembala masamba atsopano amatuluka ofiira ngati moto, mvula isanagwe n'dontho lomwe. Pano m'pamene mabuku a zomera amagwira ntchito. Jessie Williamson adalemba Useful Plants of Nyasaland mu 1955, buku limene lidasindikizidwanso mokonzedwa mu 1975, ndipo m'menemo muli maina a Chicheŵa a ndiwo zakutchire, zipatso ndi mitengo ya mankhwala. Nzeru zimenezo zidachokera kwa amai a m'midzi. Brian Morris adalemba Common Mushrooms of Malawi mu 1987.

Za boŵa pali phunziro limene ana athu ayenera kulimva. Utale umamera pa chulu, pakuti umadalira chiswe. Koma ndelema ndi manyame zimakhala pa ubale ndi mizu ya mitengo ya mtundu wa mombo: mtengo umadyetsa boŵa, boŵa nkumathandiza mizu kutunga chakudya m'nthaka. Wodula mombo wadulanso ndiwo za mwezi wa Januwale, nthaŵi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Nkhalango yotere ingathe kuphukanso kuchokera ku zitsa, koma pokhapokha moto ndi mbuzi zikaipatsa mpata zaka zingapo.

Alendo okonda mbalame amabwera kuchokera ku maiko akutali kudzafuna mtundu wina wa gogomole wotchedwa Stierling's Woodpecker, umene umapezeka m'madera ochepa okha a Malaŵi, Tanzania ndi Mozambique. Amabwera atanyamula buku la The Birds of Malawi, limene Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett adatulutsa mu 2006. Mnyamata wa kuno wodziŵa kulira kwa mbalame iliyonse ali ndi chuma m'makutu mwake, ngati atalola kuika legeni pansi natenga buku.

Koma sitingabise zimene zimaoneka m'mphepete mwa nkhalango: zitsa, ndi zipsera zakuda za mauvuni a makala. Zinthu zidafika poipa kotero kuti mu 2015 boma lidatumiza asilikali a nkhondo kukalondera Dzalanyama. Tisafulumire kuloza chala. Wootcha makala kaŵirikaŵiri ndi mwana wathu yemwe, wosoŵa feteleza kapena fizi, ndipo wogula makalawo ndi mbale wathu wa m'tauni amene timakhala naye pa Mgonero umodzi. Mlandu uli pa tonse. Banja lililonse likadakhala ndi kamunda ka mitengo yakeyake, ndipo mpingo uliwonse ukadadzala mitengo pa malo ake, phiri likadapuma.

Chuma cha pansi pa nthaka

Kukumba miyala sikwachilendo kuno. Makolo athu ankasungunula chitsulo m'ng'anjo zadothi, nasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo, mzungu asanafike. Mu 1973 G. S. Carter ndi J. D. Bennett adatulutsa buku la The Geology and Mineral Resources of Malawi, lolongosola miyala ya mtengo wapatali ya dziko lonse. Ku Malingunde kuli graphite, mwala wakuda wofeŵa umene uli m'kati mwa pensulo ya mwana wa sukulu, umenenso masiku ano umafunika popanga mabatire a galimoto zoyendera magetsi.

Nkhani yaikulu ili kumpoto kwathu, ku Kasiya, kuyandikana ndi abale athu a ku Nsaru ndi kwa Kabudula. M'dothi lakuya lija, lobadwa ku miyala yofumbutsika, mwapezeka mchenga wotchedwa rutile. Kuchokera ku mchenga umenewu amapanga utoto woyera wa penti, ndiponso chitsulo chopepuka koma cholimba chotchedwa titanium, chimene amapangira ndege. Mu 2022 kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals idalengeza kuti ku Kasiya kuli dothi lokwana matani 1.8 biliyoni lokhala ndi rutile, ndi kuti malo ameneŵa aposa ena onse odziŵika pa dziko lapansi. Mu 2023 kampani yaikulu ya Rio Tinto idagula gawo m'kampaniyo.

Tiyeni tiŵerengere monga m'kalasi. Rutile wa m'dothilo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100. Ndiye kuti pofuna thumba limodzi la rutile, ayenera kufukula matumba 100 a dothi. Mgodi wotere suloŵa pansi ngati una wa mbeŵa ai, umayenda pamwamba, m'malo momwe muli minda, madimba ndi manda. Mwina udzabweretsa ntchito, miseu ndi misonkho yothandiza dziko, ndipo zimenezo si zonyoza. Koma tikumbukire mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, umene udatsegulidwa mu 2009 nuima mu 2014 mtengo utatsika pa msika wa kunja. Ndalama ya chipepeso imatha, pamene munda umadyetsa mibadwo. Nkhani ya Naboti ndi munda wake wamphesa pa 1 Mafumu 21 ikutikumbutsa kuti choloŵa cha makolo sachitaya mopepuka.

Lamulo la dziko lino limafuna kuti mgodi waukulu usanayambe, palembedwe lipoti lofotokoza m'mene ntchitoyo idzakhudzire anthu, madzi ndi nthaka, ndiponso kuti anthu a m'deralo afunsidwe maganizo. Malipoti otere amakhala aakulu, a m'Chingerezi chovuta. Kodi adzaŵerengere agogo ndani? Safunsa adadya phula. Inu anyamata ndi atsikana amene makolo adakugulitsirani mbuzi kuti muphunzire, ntchito yanu ndi imeneyi: kukhala pansi ndi mafumu ndi makolo, kumasulira tsamba ndi tsamba, ndi kufunsa za madzi, za manda, za kumene anthu adzasamukire, ndi za m'mene nthaka idzabwezeredwe. Makolo, musadinde chala pa pepala limene mwana wanu sanakuŵerengereni.

Mabuku tatchulaŵa mungaŵafunse ku National Library ku Lilongwe, ku nthambi ya za miyala ndi ku National Archives ku Zomba, kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre. Ambiri ali m'Chingerezi, ndipo ichi chikutiuza kuti buku la Dzalanyama la m'chinenero chathu likudikira wolilemba. Magulu a achinyamata m'mipingo yathu angayambe ndi kope limodzi: maina a mitsinje ndi madambo, mitengo ndi ntchito zake, malo a ng'anjo zakale, ndi chaka chimene chitsime chakutichakuti chidaphwa koyamba. Ntara adayamba chomwecho.

Pa Yobu 28 timamva za anthu ofukula siliva, golide ndi chitsulo mumdima wa pansi pa nthaka, ndipo mlembi akufunsa kumene nzeru ipezeka, popeza siigulika ndi miyala imeneyo. Yankho lake nlakuti nzeru ndiyo kuopa Ambuye. Tiŵerenge mutu umenewu pa mapemphero a m'banja mwezi uno, ndipo tipemphe kuti potsegula chuma cha pansi pa nthaka yathu, tisatseke akasupe a ana athu.